Mbiri ya National Bank of Malawi: kuchokera m'sitolo ya Mandala kufika pa foni ya mlimi

Chaka chilichonse misika ya fodya, soya, mtedza, thonje ndi chimanga ikatsegulidwa, ndalama zochuluka zimalowa m'manja mwa alimi ndi ochita malonda m'miyezi yowerengeka chabe. Funso limene limabwera pambuyo pake ndi lakuti ndalamazo zisungidwe kuti. Ena amazibisa m'chitini kapena kunsi kwa mphasa, ena amazipereka ku banki mkhonde, ena amazisiya mu foni, pomwe ena amapita nazo ku banki ngakhale mtima uli m'mwamba. Unduna wa Zachuma wakonza nkhani ino pofuna kufotokozera anthu momwe banki yochita malonda imayambira, momwe imakulira, ndiponso chimene chimateteza ndalama za munthu akazisiya kumeneko.

Tasankha kulongosola za National Bank of Malawi chifukwa mizu yake imafika kuchiyambi penipeni kwa ntchito za mabanki m'dziko muno. Izi sizikutanthauza kuti Unduna ukutsatsa malonda a bankiyi kapena kuti ukuiika pamwamba pa zinzake. Mabanki onse amene ali ndi chilolezo amayendera malamulo amodzi, ndipo aliyense ali ndi ufulu wosunga ndalama zake kumene wakonda.

Ndalama zisanafike

Makolo athu ankachita malonda kalekale, koma ankasinthana katundu ndi katundu. Makasu osulidwa ndi amisiri a Chimang'anja ndi a Chiphoka, mchere wa ku nyanja ya Chilwa, mikanda, nsalu ndi minyanga ya njovu ndi zimene zinkagwira ntchito imene ndalama ikugwira lero. Chuma cha munthu chinkaoneka m'khola ndi m'nkhokwe, ndipo wofuna kusungitsa chuma chake ankapereka mbuzi kapena ng'ombe kwa mbale wake wodalirika kuti amuwetere.

Mu 1878 anthu amalonda a mumzinda wa Glasgow ku Scotland adakhazikitsa kampani yoti izithandiza amishoni kunyamula katundu ndiponso kuchita malonda kuno. Kampaniyi ndi imene pambuyo pake idadziwika ndi dzina lakuti African Lakes Corporation. Oyang'anira ake oyamba adali abale awiri, John ndi Frederick Moir. Anthu adampatsa John dzina lakuti Mandala chifukwa cha magalasi amene ankavala, ndipo dzinalo lidafalikira ku kampani yonse, ku masitolo ake, ngakhalenso ku dera la mumzinda wa Blantyre kumene nyumba yawo ya m'chaka cha 1882 idakalipo mpaka lero. Kampaniyi inkayendetsa sitima za pamadzi pa Zambezi, pa Shire ndi pa nyanja ya Malawi, ndipo amtengatenga ake ankalandira malipiro a nsalu.

Zinthu zidasintha Angerezi atayamba kulamulira dziko lino mu 1891. Boma latsopanolo lidakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo linkafuna kuti msonkhowo uziperekedwa ndi ndalama. Munthu amene kale ankakhutira ndi nkhokwe yake tsopano adayenera kupeza mashereni, kaya pogulitsa mbewu kaya pogwira ntchito m'minda ya azungu. Eni minda nawo ankafuna malo osungira ndalama zolipirira antchito ndi njira yolandirira malipiro a khofi amene ankatumiza kunja. Poona zimenezi, kampani ya Mandala idatsegula gawo la banki mu 1894. Banki yoyamba m'dziko muno idabadwira choncho m'sitolo, pakati pa mitolo ya nsalu ndi matumba a mchere.

Mabanki awiri a atsamunda

Mu 1901 Standard Bank of South Africa idatsegula nthambi yake ku Blantyre. Mu 1918 kampani ya Mandala idagulitsa gawo lake la banki kwa National Bank of South Africa, ndipo mu 1925 banki imeneyo idaphatikizana ndi Colonial Bank komanso Anglo-Egyptian Bank n'kupanga banki imene anthu adaidziwa ngati Barclays DCO. Kuyambira pamenepo mpaka dziko lino lidalandira ufulu, ntchito za mabanki zidali m'manja mwa awiriwa: Standard ndi Barclays.

Ankatumikira yani? Makasitomala awo adali boma la atsamunda, eni minda ya tiyi ku Mulanje ndi Thyolo, eni minda ya fodya, makampani ogula thonje ku Chigwa cha Shire, kampani ya njanji, amishoni, ndi amwenye a masitolo. Ngongole zambiri zidali za miyezi yochepa, zothandiza kuti mbewu ichoke m'munda, ikwere sitima, ikafike ku doko la Beira. Mfundo zikuluzikulu za yemwe angakongole ndi yemwe sangakongole zinkamangidwa kunja kwa dziko lino. Mlimi wa kumudzi, amene fodya wake wa chikopa ndi thonje lake zinkadzaza mabogi a sitimazo, sankawerengedwa ngati munthu woti angakhale ndi buku la ku banki.

Munthu wakuda wofuna kusunga ndalama ankapita ku positi ofesi. Banki ya ku positi idayamba mu 1911, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo idali banki ya aphunzitsi, akalaliki, asilikali ndi amuna obwera ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Halale. Achikulire ambiri akukumbukirabe kabuku kaja kodindidwa chidindo nthawi iliyonse munthu akaika kapena akatapa ndalama. Tikamadabwa lero kuti n'chifukwa chiyani anthu ena akumudzi amaopa kulowa m'banki, tizikumbukira kuti kwa zaka pafupifupi 70 khomo la banki silidali lawo.

Ngakhale ndalama imene inkagwiritsidwa ntchito sidali yathu. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, ndalama zinkachokera ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo banki yaikulu ya maiko atatuwo idali komweko.

Chaka cha 1971

Dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, ntchito yoyamba idali kukhala ndi banki yaikulu yakeyake. Lamulo lokhazikitsa Reserve Bank of Malawi lidaperekedwa chaka chomwecho, ndipo bankiyo idayamba ntchito ku Blantyre mu 1965. Kenaka mu 1970 Commercial Bank of Malawi idatsegula nthambi yake yoyamba ku Limbe, kukhala banki yachitatu yochita malonda.

Chaka cha 1971 chidabweretsa zinthu zitatu zimene mlimi aliyense akuzidziwa. M'mwezi wa Febuluwale, kwacha ndi tambala zidalowa m'malo mwa paundi, shereni ndi kobiri. Paundi imodzi inkasinthidwa ndi makwacha awiri. Chaka chomwecho ADMARC idalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Ndipo pa 1 Julaye nthambi za Standard ndi za Barclays m'dziko muno zidaphatikizidwa n'kukhala banki imodzi yolembetsedwa kuno, National Bank of Malawi. Mabanki awiri akunja aja adatsala ndi magawo awo, koma magawo ena adapita kwa mabungwe a m'dziko muno, kuphatikizapo ADMARC. M'kupita kwa zaka akunjawo adagulitsa magawo awo, ndipo kampani ya Press idakhala mwini gawo lalikulu, monga zilili mpaka pano.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri. Standard Bank imene tikuiona m'mizinda yathu masiku ano si ija idaphatikizana ndi Barclays mu 1971. Ya leroyi ndi Commercial Bank of Malawi yakale, imene gulu la Standard Bank la ku South Africa lidagulamo gawo lalikulu mu 2001. Idayamba yatchedwa Stanbic, kenaka Standard Bank. Dzina lidachoka m'dziko muno mu 1971, n'kudzabweranso patapita zaka zoposa 30 kudzera khomo lina.

Phindu la kuphatikizana kwa mu 1971 lidali lakuti mfundo za ngongole zidayamba kumangidwa ku Blantyre, ndipo Amalawi adayamba kukwera m'maudindo amene kale adali a azungu okha. Nthambi zidawonjezeka m'maboma, makamaka likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani adayamba kulandirira malipiro awo ku banki. Koma kunena zoona, kusintha kwa eni ake sikudatsegule khomo kwa mlimi wamng'ono nthawi yomweyo.

Zaka za fodya wa m'maesiteti

Gawo ili la mbiri ndi lofunika kulimvetsa bwino, chifukwa likuonetsa momwe banki ingakulire mofulumira ndiponso momwe ingagwedezekere.

Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha kuti ndi odzilamulira mu 1965, maiko ambiri adaleka kugula fodya wawo. Ogula adatembenukira ku Malawi. Boma la nthawi imeneyo lidalimbikitsa kutsegula minda ikuluikulu ya fodya wa bale ndi wa fuluu, makamaka m'chigawo chapakati ndi ku Mzimba ndi Rumphi. Lamulo la mbewu zapadera la mu 1963 linkapereka chilolezo cholima fodya wa mitundu imeneyi kwa eni maesiteti okha. Mlimi wa pa malo a mfumu ankalima fodya wa chikopa, mtedza, thonje ndi chimanga, n'kugulitsa ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma, umene kawirikawiri udali wotsika poyerekeza ndi umene ADMARC inkapeza kunja. Phindu lotsalalo linkaikidwa m'makampani ndi m'maesiteti.

Mabanki awiri a nthawiyo, National ndi Commercial, adapereka ngongole zochuluka kwa otsegula maesiteti: andale, akuluakulu a m'boma, amalonda, ndi makampani monga Press. Kwa zaka zingapo zinthu zidayenda. Fodya adachuluka pa okushoni ku Limbe, ndalama zakunja zidalowa, ndipo mabuku a mabanki adanenepa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mphepo idatembenuka. Mitengo ya fodya idatsika, mafuta adakwera mtengo mu 1979, chilala chidagwa, ndipo nkhondo ya ku Mozambique idayamba kutseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala kotero kuti katundu adayamba kuzungulira njira yaitali ya ku Durban. Eni maesiteti ambiri, ena mwa iwo anthu amene sadalimepo fodya wa fuluu chibadwire, adalephera kubweza ngongole. Mabanki adakakamizika kulanda kapena kuyang'anira okha minda yambiri. Nayo kampani ya Press, imene idali mwini gawo m'mabanki ndiponso wokongola wamkulu ku mabanki omwewo, idamira m'ngongole mpaka boma lidalowererapo kuikonzanso chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Ndalama zimene zidali pachiswe m'zaka zimenezo zidali za anthu osunga: mphunzitsi, namwino, wa golosale. Banki ikabwereketsa ndalama zambiri ku mbewu imodzi, kwa anthu ochepa, ndiponso kwa eni ake omwe, tsoka la ochepawo limasanduka tsoka la onse. N'chifukwa chake malamulo a masiku ano amaika malire pa ndalama zimene banki ingabwereketse kwa munthu mmodzi kapena kampani imodzi, ndipo amakhwimitsa kwambiri ngongole zopita kwa eni banki, akuluakulu ake ndi abale awo. Wamalonda amene amadandaula kuti banki imafunsa mafunso ambiri asanampatse ngongole adziwe kuti ena mwa mafunsowo adabadwa m'zaka zimenezi.

Mpikisano ndi msika wa masheya

Mu 1989 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa malamulo atsopano a mabanki ndi a Reserve Bank, amene adatsegula mwayi woti mabanki ena alowe. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima fodya wa bale, ndipo patapita zaka zochepa makalabu a alimi adayamba kugulitsa okha pa okushoni. Popeza malipiro a fodya amadzera ku banki, alimi zikwizikwi adatsegula maakaunti koyamba, ambiri kudzera m'makalabu awo. Mu 1994 kwacha idasiyidwa kuti mtengo wake uziyendera msika, ndipo banki ya ku positi ija idasanduka Malawi Savings Bank. Mu 1995 First Merchant Bank, imene lero ndi First Capital Bank, idatsegula zitseko. Ena adatsatira. Mabanki awiri amene adazolowera kugawana msika adayenera tsopano kulimbirana makasitomala.

Pa 21 Ogasiti 2000 National Bank of Malawi idalembetsedwa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange. Kuyambira tsiku limenelo munthu wamba atha kugula kagawo ka bankiyi kudzera kwa ogulitsa masheya ovomerezeka, n'kumalandira gawo la phindu chaka chimene banki yapindula ndipo yagawa. Press Corporation ili ndi magawo opitirira pang'ono theka, gulu la Old Mutual lili ndi gawo lalikulu lachiwiri, ndipo otsalawo ali m'manja mwa mabungwe a penshoni ndi anthu wamba. Ambiri amaganiza kuti bankiyi ndi ya boma chifukwa cha dzina lake. Si ya boma, ndipo isasokonezedwe ndi Reserve Bank, imene ndi banki yaikulu yosindikiza ndalama ndi kuyang'anira mabanki onse.

Kulembetsa pa msika wa masheya kudabweretsa chinthu china chimene osunga ndalama sachilabadira kwenikweni: banki iyenera kufalitsa poyera momwe chuma chake chayendera. Masamba a manambala amene amatuluka m'nyuzipepala aja sakhala a akatswiri okha. Wamalonda amene amatha kuwerenga buku la sitolo yake atha kuonamo ngati banki yake yapindula kapena yaluza, ndi kuchuluka kwa ngongole zimene sizikubwezedwa.

Kukula kwa m'zaka zaposachedwa kudadzera njira ziwiri. Yoyamba ndi kugula mabanki ena. Mu 2014 Reserve Bank idayamba kutsata muyezo wokhwima wa mpamba umene banki iliyonse iyenera kukhala nawo. Mabanki awiri amene boma lidali ndi magawo aakulu, Malawi Savings Bank ndi Indebank, ankafunika mpamba wowonjezera, ndipo mu 2015 boma lidagulitsa magawo ake: Malawi Savings Bank idapita ku gulu la FDH, Indebank idapita ku National Bank. Indebank idakhazikitsidwa mu 1972 ngati banki yothandiza chitukuko cha mafakitale. Makasitomala a mabanki awiriwa adangosamutsidwira kwa eni atsopano pamodzi ndi ndalama zawo. Mu 2021 National Bank idagula gawo lalikulu la Akiba Commercial Bank ya ku Tanzania. Banki imene idayamba ngati nthambi yolamulidwa kuchokera kunja tsopano ili ndi banki yake kunja kwa malire, m'dziko limene amalonda athu ambiri amakapikulako katundu kudzera pa Songwe.

Njira yachiwiri ndi makina. Makina otapira ndalama a ATM, makadi, ndi ntchito za pa foni monga Mo626 zidachepetsa mizere ya kumapeto kwa mwezi. Airtel Money itayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, mabanki adaona kuti kanyumba ka ejenti pa msika wa kumudzi kakufikira anthu amene nthambi ya njerwa sidawafikepo. Lero ndalama zimatha kuchoka ku akaunti ya ku banki kupita mu foni, kapena kuchoka mu foni kupita ku banki, munthu ali pakhonde pake. Chiphaso cha unzika, chimene kalembera wake wamkulu adachitika mu 2017, chidachotsa vuto lakale loti munthu azifunafuna makalata omuchitira umboni kuti atsegule akaunti.

Kodi banki imatani ndi ndalama zanu?

Banki siisunga ndalama zonse za makasitomala m'chipinda chokhoma. Gawo lina imalisunga ku Reserve Bank monga lamulo likunenera, gawo lina imakhala nalo pafupi kuti otapa tsiku ndi tsiku asabwerere chimanjamanja, ndipo zotsalazo imabwereketsa kwa anthu, kwa makampani ndi ku boma. Phindu lake lalikulu limachokera pa kusiyana kwa chiwongoladzanja chimene imalandira kwa okongola ndi chimene imapereka kwa osunga. Imapezanso ndalama posintha ndalama zakunja ndi pa zolipiritsa zina ndi zina.

Anthu amafunsa chifukwa chimene chiwongoladzanja cha ngongole chimakhalira chokwera chonchi. Muzu wake ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mu 2024, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inkakwera ndi zoposa 30 peresenti pachaka, ndipo Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti. Banki yochita malonda imawonjezera pamenepo malinga ndi momwe ikuonera chiopsezo cha wokongolayo. Palinso mfundo imene sitiyenera kuibisa: boma likamakongola kwambiri m'dziko momwe muno, mabanki amapeza phindu labwino pobwereketsa boma popanda chiopsezo chachikulu, ndipo chidwi chawo pa mlimi ndi wamalonda wamng'ono chimachepa. Kuchepetsa ngongole za boma za m'dziko muno ndi nkhani yokhudza mlimi mwachindunji, ngakhale imamveka ngati ya ku Capital Hill kokha.

Ngakhale zili choncho, ngongole ya ku banki ndi ya katapila n'zosayerekezeka. Tiyerekeze kuti munthu wakongola K100,000 ku banki pa chiwongoladzanja cha 36 peresenti pachaka: pa mwezi umodzi chiwongoladzanjacho ndi pafupifupi K3,000. Wa katapila amene akufuna theka pamwamba pakutha pa mwezi adzalandira K50,000 pa ndalama yomweyo. Chinyengo chagona pa mawu akuti pachaka ndi pamwezi. Musanasaine pepala lililonse, funsani kuti chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa nthawi yotani, zolipira zina ndi ziti, ndipo ndalama zonse zimene mudzabweze pomaliza ndi zingati.

Kwa osunga, nkhani ya kukwera mitengo ili ndi mbali yake. Ndalama yongokhala mu akaunti wamba imapeza chiwongoladzanja chochepa, nthawi zambiri chosafika pa mlingo umene mitengo ikukwerera. Mlimi amene wagulitsa mbewu mu Juni ndipo sadzafuna ndalamazo mpaka nthawi yogula feteleza angafunse za akaunti yosunga kwa miyezi yoikika, imene imapereka chiwongoladzanja chokwererapo. Koma ndalama ya m'chitini siipeza kalikonse, ndipo imadikira mbala, moto ndi chiswe.

Khomo limene silidatseguke mokwanira

Patapita zaka zoposa 50 chiyambire National Bank, mlimi wamng'ono akuvutikabe kupeza ngongole ku banki iliyonse yochita malonda. Chifukwa chachikulu ndi chikole. Munda wa pa malo a mfumu ulibe chikalata chimene banki ingagwire, ndipo ulimi wodalira mvula umatha kulephera popanda mlimi kulakwitsa chilichonse. Pali mbiri inanso imene mabanki sadaiiwale: ngongole za makalabu za boma, zimene kwa zaka zambiri zinkabwezedwa bwino kwambiri, zidagwa chilala cha mu 1992 chitachitika ndiponso m'nyengo ya kusintha kwa ndale, anthu ambiri ataleka kubweza. Malawi Rural Finance Company, imene idakhazikitsidwa mu 1994 kuti ipitirize ntchitoyo, nayo sidakhalitse mpaka lero.

Boma lakhala likukonza malamulo kuti mpata umenewu uchepe. Lamulo la mu 2013 lokhudza chikole cha katundu wosunthika limalola kuti zinthu monga ziweto, makina, galimoto kapena katundu wa m'sitolo zilembetsedwe ngati chikole. Lamulo la malo a mafumu la mu 2016 lidatsegula njira yoti mabanja alembetse minda yawo. Ndondomeko ya malisiti a nkhokwe imalola mlimi kusungitsa mbewu zake m'nkhokwe yovomerezeka, kulandira lisiti, n'kukongola ndalama pogwiritsa ntchito lisitilo pamene akudikira kuti mitengo ikwere. Mabungwe osunga mbiri ya okongola amathandiza kuti amene amabweza mokhulupirika adziwike, ngakhale kuti amaululanso amene adathawa ngongole ku banki ina. Malamulowa alipo, koma kugwiritsidwa ntchito kwake kukadali kochepa, ndipo m'maganizo athu mabanki akuluakulu, amene akula ndi ndalama za ulimi kuyambira masiku a khofi, angathe kuchita zambiri kuposa zimene akuchita.

Mbali ya mlimi ndi wamalonda ndi kudzipangira mbiri. Banki imakhulupirira zimene ikuona m'mabuku. Wogulitsa nsomba kapena kaunjika amene ndalama zake zimadutsa mu akaunti mwezi ndi mwezi, amene bizinesi yake ndi yolembetsedwa, ali ndi umboni woti aonetse. Alimi amene ali mu kopaletivi yolembetsedwa, yokhala ndi mgwirizano ndi wogula mbewu, amamvedwa msanga kusiyana ndi mlimi wobwera yekha. Banki mkhonde ndi ma SACCO si adani a banki. Magulu ambiri otere amasungitsa thumba lawo ku banki kuti msungichuma asagone ndi ndalama za gulu m'nyumba.

Chimene chimateteza wosunga ndalama

Kukhalitsa kwa banki ndi chizindikiro chabwino, koma chitetezo chenicheni cha wosunga ndalama chili m'malamulo. Palibe munthu kapena kampani yololedwa kulandira ndalama za anthu ngati banki popanda chilolezo chochokera kwa Mlembi wa mabungwe a zachuma, amene malinga ndi lamulo la mu 2010 ndi Gavanala wa Reserve Bank. Ofesi imeneyi imayendera mabuku a mabanki, imaona ngati mpamba wawo ndi wokwanira, ndipo ili ndi mphamvu yolowererapo banki ikayamba kudwala. Kuwonjezera apo, lamulo la mu 2022 lidakhazikitsa Deposit Insurance Corporation, bungwe limene limabwezera osunga ndalama mpaka pa mlingo woikika ngati banki yatsekedwa. Mabanki ndiwo amasonkha ku thumba limeneli. Kasitomala salembetsa kapena kulipira padera.

Chitetezo chimenechi sichifika kwa anthu amene amabwera m'midzi ndi pa WhatsApp kulonjeza kuti ndalama zanu zidzabereka kawiri pakutha pa mwezi. Amene wapereka ndalama kwa otere alibe kumene angakadandaule kupatula ku polisi, ndipo kawirikawiri ndalamazo zimakhala zitapita kale. Musanapereke ndalama ku bungwe lililonse, pemphani kuona chilolezo chake, ndipo ngati mukukayika funsani ku Reserve Bank ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu.

Nambala yachinsinsi ya khadi kapena ya pa foni ndi yanu nokha. Wogwira ntchito ku banki sadzakuimbirani foni kukufunsani nambalayo, ndipo aliyense wofunsa ndi wakuba, ngakhale atatchula dzina lanu ndi la nthambi yanu molondola. Mukatapa kapena kuika ndalama kwa ejenti, dikirani uthenga wotsimikiza usanachoke pamalopo. Ngati mwaona kuti mwadulidwa ndalama mosadziwika bwino, yambani mwakadandaula ku banki yanu, makamaka polemba kalata, ndipo sungani kope lake pamodzi ndi malisiti. Banki ikalephera kukuthandizani kapena yankho lake likapanda kukukhutiritsani, tengerani dandaulo lanu kwa Mlembi wa mabungwe a zachuma ku Reserve Bank, mutanyamula kope la kalata ija, malisiti ndi chiphaso chanu cha unzika.